Bodi yanu yolembedwa "TESTED OK" yafa isanathe ola limodzi

Akuluakulu, ndalemba pa tsamba lanu lino anthu onse akuona chifukwa maimelo anga atatu okhudza bodi yamagetsi yomwe munatigulitsa simunayankhe. Wogulitsa wanu uja, amene nthawi yolipira ankandiyankha pa WhatsApp ngakhale pakati pa usiku, lero amangowerenga uthenga n'kukhala chete.

Ndine woyang'anira zamagetsi pa fakitale ina kuno ku Malawi. Tebaini yathu ya nthunzi imayendetsedwa ndi Speedtronic Mark V, makina a kampani ya General Electric (GE) a zaka za m'ma 1990. Kukalamba kwake tikukudziwa. Mabodi ake atsopano anasiya kalekale kupangidwa, n'chifukwa chake timabwera kwa anthu ngati inu ogulitsa okonzedwanso.

Anzanga osadziwa makinawa, ndikufotokozereni pang'ono. Mkati mwake muli makompyuta atatu, R, S ndi T. Onse amawerenga liwiro la tebaini, kutentha, kunjenjemera kwa shafiti ndi pamene valavu ya nthunzi yafika, kenako amavota. Awiri akagwirizana, wachitatu kaya abwebwete bwanji, tebaini imayendabe. Kwathu S ndi amene anayamba kubwebweta, ndipo titafufuza tinapeza kuti vuto lili pa bodi ya TCQA, yomwe imalandira zoyezazi n'kutumiza lamulo ku valavu. Kuyambira tsikulo tikudalira awiri okha. Mmodzi akangodwalanso, fakitale yonse zii.

Munatiuza kuti bodi ya TCQA muli nayo, yoyesedwa, ya waranti. Invoisi inabwera ya madola. Amene wayesapo kupempha ndalama zakunja kubanki kuno akudziwa mmene munthu amayendera, lero bwerani mawa, mawa bwerani Lolemba. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse abwana anga amaisaina akupukusa mutu. Ine ndi amene ndinawatsimikizira kuti inu ndi odalirika. Manyaziwo ndi anga tsopano.

Katundu atafika ndinamutsegula ndekha pa benchi, lamba woteteza ku magetsi a m'thupi ali padzanja. Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti bodi sinali m'thumba lake lotuwa lija lomata, munangoikulunga m'pulasitiki ya timatuza n'kumanga ndi selotepi ngati mbale zadothi. Pakona panali kasitika kobiriwira kolembedwa "TESTED OK", kopanda tsiku, kopanda dzina la woyesa. Nditaiyang'ana pafupi ndi tochi ndinaona kapasita imodzi (kachipangizo kosunga magetsi) yotupa pamutu, kumwendo kwake kuli zouma zofiirira ngati manyuchi opserera. Kumbuyo wina anawotcherera kawaya kulumikiza njira yoduka, osapukuta n'komwe. Nambala ya pa pepala lanu la mayeso ndi nambala ya pa bodi zikusiyana manambala atatu omaliza. Pepalalo ndi la bodi ina. Zithunzi ndili nazo, ndinajambula ndisanakhudze kanthu.

Mwina mufunsa kuti nanga munaiikiranji. Tinali titapempha kale Lamulungu loimitsa makina, anthu a boila ndi a mapampu atakonzeka, ndipo tsiku lotero silipezeka wamba pakati pa nyengo ya ntchito. Tinazimitsa magetsi a S, n'kusamutsa ma EPROM (timachipu tosunga pulogalamu) a bodi yakale kuwaika pa yanuyo, majampa (timapulagi tosankhira kagwiridwe ka bodi) tinawafananitsa limodzilimodzi poyang'ana chithunzi cha pafoni, mnzanga akuwerenga ine ndikuika, kenako tinasinthana. Zingwe zonse zinabwerera m'malo mwake. Titayatsa, kagalasi kanaonetsa A7, chizindikiro choti kompyuta yadzuka bwino. Mnyamata wanga wa shifiti mpaka anaomba m'manja.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Tikuyendetsa valavu pang'onopang'ono tebaini ili chiimire, R ndi T ankanena chimodzi, S ankangoyendayenda, pena pamwamba pena pansi. Bodi itatenthedwa m'kabati kwa mphindi ngati 40, ma alamu anayamba kugwa ngati matalala, S n'kuchokeratu pamzere. Kuti tisakunamizireni, tinaisamutsira ku T, ya T yabwino ija n'kuiika ku S. Matenda anatsatira bodi yanu. Mawaya athu ndi abwino, LVDT yathu, kachipangizo koyeza pamene valavu yafika, ndi yabwino.

Ndiye ndifunse, kuyesa kwanuko mumachita chotani? Chifukwa kulumikiza magetsi n'kuona kuti kanyali kayaka, zimenezo ngakhale wophunzira wa chaka choyamba angachite. Bodi ya mtundu uwu imayesedwa m'kabati yeniyeni ya Mark V, njira iliyonse ikupatsidwa chizindikiro chake, ya liwiro, ya kutentha, ya valavu, ndipo imasiyidwa maola ambiri ikutentha, poti makapasita okalamba ndi zowotcherera zosweka zimaonekera pa kutentha. Mukanachita zimenezo, kapasita yotupayo ikanakugwirani nokha m'maso musanatumize.

Tsiku limodzi lokha lomwe wina wanu anayankha foni, anati mwina tinaiika molakwika, ndiponso waranti yatha chifukwa tinachotsa ndi kuika ma EPROM. Apa mpomwe ndinapsa mtima. Aliyense wogwira Mark V amadziwa kuti ma EPROM ayenera kugwirizana ndi makina amene bodi ikupitako. Inunso munatumiza bodi yopanda ma EPROM, masoketi ali pululu. Timayenera kuiyendetsa ndi chiyani, mapemphero? Kumeneku n'kutidyera masuku pamutu poona kuti tili kutali ndipo kubweza katundu kumatidyera madola ena.

Musaiwale chimene bodi imeneyi imagwira. Jenereta iyenera kuzungulira pa liwiro lokhazikika kuti magetsi akhale pa 50 Hz, ndipo zogwiritsa ntchito magetsi ake zikazima mwadzidzidzi valavu iyenera kutseka nthunzi m'kanthawi kochepa, apo ayi tebaini imathamanga kupyola malire. Chitetezo china chilipo, inde, koma palibe injiniya wofuna kuchiyesa usiku anthu ake ataima pambali pa makina. Panopa ndabwezeretsa bodi yakale yodwala ija, ndipo foni yanga sindizimitsa pogona.

Pempho langa ndi ili. Nditumizireni pepala la mayeso la bodi iyi, nambala yake yeniyeni, lonena kabati yomwe munayesera ndi maola amene inakhalamo. Ngati palibe, nenani kuti palibe. Kenako tumizani ina yoyesedwa moona, ndalama zotumizira ndi zobwezera zikhale zanu, kapena bwezani madola athu monga tinalipirira. Bodi yanu ili m'thumba loyenera lomwe ndagula ndekha, m'bokosi, pa shelefu ya ofesi yanga. Ndikudikira yankho pansi pa uthenga uno mpaka Lachisanu, likapanda kubwera zithunzi zonse ndiziika pompano.