Kalata yochokera ku Cardiff

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti miyendo ikuphwanya ndipo nsapato zanga zidakali pawindo, sizinaumebe. Ndakhala zii miyezi ingapo, koma usandiweruze usanamve kumene ndinali. Ndinapita ku Cardiff, ku Wales, kuja kuja. Zaka zonsezi takhala tikunena pakamwa kuti tsiku lina tidzakaponda pamene anaponda Doctor, uja wa m'sewero lathu la pa TV la Doctor Who, ndiye ine ndakusiya, ndapita ndekha, ndipo mtima sukhala m'malo mpaka nditakufotokozera.

Msonkhano wa okonda Doctor Who unali wa masiku awiri, Loweruka ndi Lamlungu, mu hotelo ina. Ndinafika Lachisanu usiku mvula ikuwaza, m'mawa mwake ndinalawirira poganiza kuti ndikhala woyamba. Ndinapeza mzere utatuluka kale panja mpaka kukhota pakona. Anthuwo ukanawaona! Kutsogolo kwanga kunali agogo ena atadzikulunga sikafu ya mizeremizere ngati ya Tom Baker, mmodzi mwa amene anasewerapo ngati Doctor, yaitali mpaka kukwekwereka pansi, ndipo anandiuza kuti analuka okha nyengo yonse yozizira. Kumbuyo kwanga anyamata atatu onse ovala chisoti chofiira ndi tayi ya gulugufe ngati Matt Smith. Panalinso kamtsikana kovala ngati Dalek, chilombo chachitsulo chodana ndi Doctor chija, koma ya makatoni, timakapu tapulasitiki titamatidwa m'mbalimu. Ine ndi jekete langa wamba ndi amene ndinkaoneka wachilendo.

Mkati mwa holo ndinakumana ndi Dalek yeniyeni, yotalika pafupifupi ngati munthu, ikuzungulira n'kumakalipira anthu ndi mawu ake okhadzula aja. Ukudziwa mmene tinkaziopera. Itaima pakona, mutu unatseguka ndipo munatuluka bambo wadazi, thukuta lili kamukamu, akupempha madzi. Anaipanga yekha m'galaja mwake. Atandilola kusuzumira, ndinaona kampando kakang'ono, timatayala pansi, ndi timitengo togwedezera diso ndi mikono. Basi. Munthu amakhala pampandopo n'kumakankha ndi mapazi, ndipo ndi mmene ankaziyendetsera kuyambira 1963 pamene Raymond Cusick anajambula maonekedwe ake. Mkono umodzi uja ndi chimphira chovundulira sinki ikatsekeka. Chinthu chimene chasowetsa ana tulo zaka zoposa 60 ndi munthu wokhala pakampando atagwira chovundulira sinki. Ndinaseka mpaka misozi.

Za kusayinitsa sindichulukitsa, chifukwa mpaka pano thumba likundiwawa. Siginecha ndi mapaundi ake, chithunzi ndi mapaundi akenso, ndipo mzere wake ndi wa maola. Ndinasankha wosewera mmodzi yekha. Nthawi yonse ndili pamzere ndinkaloweza mawu okoma oti ndimuuze, koma nditafika pamaso pake onse anauluka, ndinangothokoza kawiri n'kuchoka. Pachithunzipo ndatsinzina.

Chimene chinandigwira mtima ndi zokambirana za m'kachipinda kakang'ono kumtunda, kumene kunalibe anthu otchuka. Mutu wake unali zigawo zosowa. Sewero limeneli linayamba pa 23 November 1963, koma nthawi imeneyo a BBC ankafufuta matepi akale kuti ajambulirepo zina, poti matepi anali odula ndipo palibe ankaganiza kuti wina adzafuna kuoneranso. Mwa njira imeneyi zigawo zambiri za William Hartnell ndi Patrick Troughton, ma Doctor awiri oyambirira, zinatayika, ndipo zoposa 90 sizinapezekebe. Zimene zinapulumuka, zambiri ndi makope a filimu amene ankagulitsidwa ku nyumba za wailesi yakanema za m'mayiko ena. M'chaka cha 2013 analengeza kuti zigawo 9 zimene zinkasowa zapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, zitangokhala m'chipinda chosungira katundu zaka zonsezo. Wolankhulayo atafika pamenepa anthu anawomba m'manja ngati nkhaniyo yachitika dzulo.

Koma imva izi. Ngakhale zithunzi zinapita, mawu a zigawo zonse zosowazo alipo. Anawasunga ndani? Oonera wamba, ena a iwo ana asukulu, amene ankaika maikolofoni pafupi ndi TV kapena kulumikiza waya, n'kumajambula pa matepi awo kunyumba. Mwini katundu anataya, mwana wa eni n'kutola. Lero ndi mawu omwewo amene amawagwiritsa ntchito popanganso zigawozo ngati makatuni. Ndinayang'ana anthu amene ndinakhala nawo m'chipindacho, ena imvi zili mbuu, ndipo ndinayamba kuwaona mwina. Poyamba ndinkati ndi anthu akuluakulu osowa chochita.

Wina anafotokozanso za phokoso la TARDIS, bokosi la buluu limene Doctor amayendera m'nthawi ndi m'mlengalenga, ikamanyamuka. Ndikanakufunsa kuti linachokera kuti, sukanalota. Brian Hodgson anatenga kiyi wa chitseko n'kumukhwekhwereza pa mawaya a piyano yakale, kenako n'kusewera ndi liwiro la tepiyo. Nyimbo yoyambira ija analemba ndi Ron Grainer, koma amene anaiumba ndi Delia Derbyshire, podula tepi tizidutswatizidutswa n'kumalumikiza noti imodzi imodzi, makina oimbira amakonowa kulibe. Dzina lake silinalembedwe pa kanema mpaka 2013, iye atamwalira kale. Zinandipweteka.

Madzulo kubala ya hoteloyo kunabuka mkangano wathu uja, woti Doctor weniweni ndi uti. Iwe ndi David Tennant wakoyo unali ndi gulu lalikulu, ndivomereze. Ine ndinaima nji pa Peter Capaldi, tinalipo anayi basi koma sitinagonje. Mayi wina anati kwa iye ndi Jodie Whittaker chifukwa mwana wake wamkazi anayambira pamenepo. Mnyamata wina wakuda, wobadwira ku Glasgow, anati tsiku limene Ncuti Gatwa anatuluka mu TARDIS mu 2023 analira, chifukwa Gatwa, wobadwira ku Rwanda, nayenso ndi wakuda wokulira ku Scotland. Palibe anamutsutsa. Ndipo ukaganiza, nzeru yonseyi yosintha nkhope inabwera chifukwa cha vuto: mu 1966 Hartnell thanzi linali litafooka, opanga seweroli n'kuganiza zoti munthuyo azisanduka wina m'malo mothetsa nkhani.

Lolemba ndi limene tinazungulira malo ojambulira. Tinalipo khumi ndi awiri ndi wotitsogolera, mayi wa ku Cardiff komweko amene ananyamula chikwatu cha zithunzi. Pamalo paliponse ankatulutsa chithunzi cha m'sewero n'kuchiimika kutsogolo kwa malo enieniwo kuti tiyerekeze.

Tinayambira pakati pa tauni, pa St Mary Street, pa chinyumba chakale cha sitolo ya Howells. Ndi pamene Rose, mtsikana woyenda ndi Doctor uja, ankagwira ntchito m'gawo loyamba la 2005, pamene Russell T Davies anadzutsa seweroli litagona kuyambira 1989, kupatula filimu imodzi ya 1996. Tonse tinkakhulupirira kuti ndi London, eti? Ndi Cardiff, aise. Ankangobweretsa basi yofiira, n'kubisa zikwangwani za m'misewu chifukwa kuno zimalembedwa m'zinenero ziwiri, Chiwelshi ndi Chingelezi. Sitoloyo inatsekedwa, tinangoima panja. Kuchoka apo tinadutsa ku Temple of Peace, nyumba ya 1938 imene holo yake ya miyala yosalala inasanduka chombo cha m'mlengalenga choonerapo dziko likutha. Ku Llandaff tinaona kabwalo ka udzu pafupi ndi tchalitchi chachikulu, kamene kanali mudzi wa Amy Pond, mnzake wina wa Doctor. Kakang'ono bwanji! Pa kanema umaona ngati mudzi wathunthu, koma ukhoza kukazungulira tiyi asanazizire.

Ndisakubisire, pofika masana ndinali nditayamba kukhumudwa. Kulikonse kumene tinkapita kunali khoma wamba, masitepe wamba, galimoto zoimikidwa, munthu akudutsa ndi galu wake. Ndinkadzifunsa kuti kodi ndawonongera ndalama zimenezi? Mwina ndinkayembekezera kuti mpweya wake ukhala wina.

Ku Cardiff Bay ndi kumene zinasintha. Pali bwalo lalikulu lotchedwa Roald Dahl Plass, kumapeto kwake kuli nsanja yachitsulo yonyezimira, yotalika mamita 21, madzi akutsetsereka m'mbali mwake. Pambali pake pali Wales Millennium Centre, imene inatsegulidwa mu 2004, ya denga looneka ngati mkuwa ndi zilembo zikuluzikulu zimene ndi mawindo. Mu Torchwood, sewero lija lophukira ku Doctor Who, likulu lawo lachinsinsi linali pansi pa nsanja imeneyi. (Unadziwa kuti dzina loti Torchwood ndi zilembo za Doctor Who zongosakaniza? Ine ndinamvera komweko, ndipo ndinachita manyazi.) Aliyense anafuna kuima pamwala umene ankati ndi chikepe chosaoneka. Nanenso ndinaimapo, usaseke.

Kenako mayi uja anatitsitsira kumunsi, m'mphepete mwa madzi ku Mermaid Quay, pa khoma la matabwa. Khoma lonse linali tho ndi makalata, zithunzi, ndakatulo, maluwa apulasitiki, matayi, timakapu ta khofi. Chinali chikumbutso cha Ianto Jones, uja wa m'sewero la Torchwood. Ukukumbuka kuti anafa mu 2009, ndipo tsiku limenelo iwe unazimitsa kompyuta n'kunena kuti sudzaoneranso. Oonera anayamba kumata mapepala pamenepo chaka chomwecho, ndipo anapitiriza kwa zaka zambiri. Mapepala ena ayera ndi dzuwa, ena akulungidwa m'pulasitiki kuti mvula isawononge, ena inki idakali yatsopano. Alipo a m'zinenero zimene sindinathe n'kuzizindikira komwe.

Poyamba ndinafuna kuseka. Kulira maliro a munthu amene sanabadwe n'komwe, pamene Gareth David-Lloyd amene ankasewera mbaliyo ali moyo, akudya bwino! Koma nditayamba kuwerenga, chiseko chinathawa. Ambiri mwa makalatawo sanena kwenikweni za Ianto. Wina akuti ankaonera ndi mchimwene wake amene anatisiya. Wina akuti seweroli linamuthandiza ali m'chipatala. Wina anangolemba mayina awiri ndi chaka. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene tsiku lonse sanalankhule ndi munthu, anatulutsa kapepala m'chikwama, n'kukamangirira ndi kaulusi kofiira pa waya, n'kubwerera m'mbuyo. Palibe anamufunsa kanthu. Tonse tinangoti duu, kumangomva mbalame za kunyanja.

Ulendo wa gulu unathera pamenepo, koma ine ndinali ndi ngongole ina. Lachiwiri ndinakwera sitima mpaka ku Bridgend, kenako basi kupita ku Southerndown, ku gombe lotchedwa Dunraven Bay. Iwe umalidziwa ndi dzina loti Bad Wolf Bay. M'sewero ankati ndi ku Norway.

Apa ndiye ndinadzipusitsa ndekha. Sindinayang'ane nthawi ya mafunde. Madzi a ku Bristol Channel amakwera ndi kutsika kwambiri, ndi malo ochepa padziko amene amaposa pamenepa, ndiye nditafika ndinapeza gombe kulibe. Mchenga wonse uli pansi pa madzi, kwangotsala miyala yozungulira ndi mafunde akumenya. Ndinangoti kakasi. Bambo wina woyendetsa galu anandiuza kuti ndidikire maola atatu kapena anayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinakhala pamwala, mphepo ikundilowa mpaka m'mafupa, ndikuyang'ana zigwembe za m'mbalimo zimene miyala yake inasanjikizana mizeremizere ngati wina anachita kuyala.

Pang'onopang'ono nyanja inabwerera. Kunayamba kuoneka miyala yafulati, kenako mchenga wonyowa wonyezimira ngati galasi, ukunka nutambasuka mpaka kutali. Ndipo malo aja anangotulukira pamaso panga, osafuna chithunzi choyerekezera. Ndi pomwe paja Rose anaima mu 2006, atatsekeredwa m'dziko lina, Doctor akumuonekera ngati chithunzithunzi kwa mphindi ziwiri zokha, osatha kugwirana dzanja, mpaka anazimiririka mawu ali m'kamwa. Tinaonera gawo limeneli pa kompyuta yako yakale ija ya sipika imodzi, iwe n'kumanamizira chimfine.

Ndinayenda mpaka pamene madzi anafika. Ndinayesa kukuimbira pa WhatsApp kuti uone nawo, koma netiweki kumeneko inali ya mwayi, ndipo nditawerengera ndinapeza kuti kwanuko unali usiku, uli mtulo. Inalira kawiri n'kuduka. Ngati unaona foni yanga nthawi yachilendo sabata yatha, inali imeneyo, sikunagwe zovuta. Ndili chiimire ndi foni m'manja, funde lina linabwera mwakachetechete n'kundimiza mpaka m'akakolo. Ndiye nkhani ya nsapato ija.

Ndakugulira kakiyi ka TARDIS kovala m'khosi, ndipo ana ndawapezera sikuludiraiva ya Doctor ija yowala ndi kulira. Alamu andikhululukire, chifukwa phokoso lake sadzagona nalo. M'phukusimo mulinso kamwala kamodzi ka ku gombe kuja, kotuwa, kokhala ndi mzere woyera pakati. Chithunzi chotsinzina chija sinditumiza, usavutike n'kupempha. Unditumizire adiresi yako yatsopano, poti imene ndili nayo ndi ya nyumba yakale, ndipo undiuze ngati unafika pa zigawo za Gatwa kuti ndidziwe zoti ndisakuululire.

Moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzako wakalekale,
uja wa Capaldi