Lipoti la Ulendo wa ku Msonkhano wa Bizinesi ya Magetsi ku Kenya

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Nairobi kumene munandituma, ndiye ndikufotokozereni mmene ndayendera.

Tsiku loyamba linali la mabwana a makampani akuluakulu. Anatiuza za Olkaria, kufupi ndi Naivasha, komwe akhala akupanga magetsi ndi nthunzi yochokera pansi pa nthaka kuyambira 1981, komanso za makina 365 oyendera mphepo a ku Lake Turkana, opanga mamegawati 310. Makinawo anamalizidwa mu 2017, koma nthambo zotengera magetsiwo ku Suswa, mtunda woposa makilomita 400, zinatha mu 2018, moti kwa chaka ndi miyezi anangoti njo, osapindulira aliyense. Zinali zokoma kumva, koma tisanamizane, ntchito zoterezi n'za anthu a ndalama zankhaninkhani ndi mabanki akunja. Ife sitingakwaneko.

Chimene chinandikhazika tcheru ndi cha tsiku lachiwiri. Kampani ya M-KOPA inatchuka pogulitsa sola za m'nyumba pangongole: munthu amapereka kangachepe koyamba, zotsalazo n'kumalipira pang'onopang'ono pa foni kudzera pa M-Pesa. Akasiya kulipira, kachipangizoko kamadzitseka kokha, akalipira kamayakanso. Anationetsa patebulo pomwepo. Mnyamata wina anatumiza ndalama, tisanamalize n'kuseka komwe, babu n'kuyaka. Apa ndinaona kuti anthu amenewa katundu wawo weniweni ndi ngongole, sola n'chikole chabe. Ndiye wofuna kulowamo akhale ndi mpamba wotha kudikira chaka kapena kuposerapo ndalama zisanabwerere.

Masana anatitengera kwa mayi wina wa ulimi wothirira amene amapopa madzi ndi pampu ya sola. Pampuyo inkatulutsa madzi mwaulesi. Mmisiri amene tinali naye anangotenga kansalu konyowa n'kupukuta fumbi pamapanelo, kenako n'kumanga waya amene anakhwepa, madzi n'kuyamba kutuluka mwamphamvu. Mayiwo anati amene anawagulitsa sanabwerenso chiikireni. Kwa ine mwayi wathu uli pamenepa: kuika, kukonza, kusintha mabatire ndi mainveta (zipangizo zosintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a m'nyumba), ndi kuyendera makasitomala. Mapanelo abwino amakhala zaka zoposa 20, koma batire wamba limafooka pakangopita zaka zochepa, choncho amene ali pafupi ndi kasitomala sasowa ntchito. Oyankhula pamsonkhanowo anatchulanso zigayo ndi mafiriji oyendera sola, koma izi anangozidutsa mothamanga.

Zoopsa zilipo ziwiri zomwe pafupifupi aliyense woyankhula anadandaula nazo. Katunduyu amagulidwa kunja ndi madola, makamaka ku China, pomwe makasitomala amalipira ndi ndalama ya m'dziko. Ndalamayo ikagwa mphamvu ngongole isanathe, phindu lonse limathera m'njira. Choopsa chachiwiri ndi katundu wachinyengo: panelo lolembedwa mphamvu zambiri koma lopereka zochepa, lomwe limachititsa kuti anthu aziona ngati sola yonse ndi bodza.

Pempho langa ndi loti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zotumiza mamembala awiri kukaphunzira kuika ndi kukonza sola mpaka atapeza ziphaso, tisanaike ndalama pa katundu aliyense. Mapepala a msonkhanowu ndi malisiti a ulendo ndapereka kwa mlembi, amene akufuna akaone kumeneko.