Aphunzitsi adziwe za likodzo mankhwala asanafike pasukulu

Akonzi,

Tipatseniko danga tinenepo za maphunziro a zaumoyo a aphunzitsi kuno ku Zomba. Kuitana mphunzitsi mmodzi woona zaumoyo ndi kadyedwe ka ana pasukulu (SHN) kukamvera nkhani ku malo ochitira maphunziro a aphunzitsi m'dera (TDC) sikukwanira, chifukwa akangosamutsidwa sukulu imatsala yopanda wodziwa. Aziphunzira atatu pasukulu iliyonse, mmodzi akhale wamkazi, ndipo aziyeserera zenizeni pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo.

Tiyambire pa likodzo, lomwe lazika mizu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ndi m'minda ya mpunga ya ku Domasi ndi Likangala. Mphunzitsi azitha kufotokoza kuti wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, tizilombo timakulira mu nkhono, kenako timatuluka n'kuboola khungu la mwana amene akusambira, kuchapa kapena kuwoka mpunga. Ana ambiri amaganiza kuti vuto ndi kumwa madziwo basi. Ena amati mnyamata kukodza magazi ndiye kuti wakula, pomwe chikhodzodzo chake chikuwonongeka. Atsikana ndiye amabisa poopa kunenedwa kuti atenga matenda opatsirana pogonana, n'chifukwa chake mphunzitsi wamkazi ndi wofunika.

Pomwe zimalakwika kwambiri ndi tsiku logawa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel. Mlingo wake umatengera kutalika kwa mwana, choncho mwana aime chilili pa ndodo yoyezera atavula nsapato, osangomuyang'ana n'kuganizira. Ayambe wadya phala kapena nsima. Akamwa ndi njala amachita chizungulire, m'mimba mumapweteka, ena amasanza, ndipo nkhani ikafika m'mudzi makolo ulendo wotsatira amatsekereza ana kunyumba. Mafumu, komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group auzidwe kusanafike tsikulo, madzi akumwa othira klorini akhale okonzeka, ndipo ana ayang'aniridwe kwa kanthawi asanaweruke. Ojomba alembedwe m'kaundula kuti adzalandire pambuyo.

Mankhwalawa amapha nyongolotsi zomwe zili kale m'thupi, sateteza mwana kudwalanso. Mphunzitsi aziwauza ana kuti madzi a kumtsinje atakhala mu ndowa masiku 2 amakhala abwino kusamba, komanso aonetsetse kuti zimbudzi ndi mpondagiya wa sopo zikugwira ntchito.

Tikupempha a Malawi Institute of Education ku Domasi, omwe amakonza silabasi, kuti zimenezi zilowe m'maphunziro a m'makoleji a zauphunzitsi, ndipo alangizi a sukulu za pulaimale (ma PEA) aziziona akamayendera sukulu teremu iliyonse.

Okhudzidwa ndi umoyo wa ana,
Zomba