Lipoti la Msonkhano: Kusala Zakudya Zina ndi Kutentha Kwadzidzidzi pa Msinkhu Wosiya Kusamba

Amayi Apampando, akuluakulu a komiti ndi amayi anzanga nonse,

Ndikuthokoza kwambiri pondisankha kuti ndikakuimirireni pa msonkhano wa masiku awiri wokambirana za umoyo wa amayi amene afika pa msinkhu wosiya kusamba. Munandituma ndi funso limene lakhala likubwera nthawi zonse tikakumana, lakuti kodi kusala zakudya zina kungachepetse kutentha kwadzidzidzi ndi thukuta la usiku zimene zikusowetsa tulo ambiri a ife. Ena munandipempha kuti ndibwere ndi mndandanda wa zakudya zoletsedwa. Ndinene mosabisa kuti mndandandawo sindinabwere nawo, chifukwa madokotala ndi akatswiri a zakudya amene analankhula anagwirizana kuti palibe mndandanda umodzi wothandiza mayi aliyense. Chimene ndabwera nacho ndi njira yoti aliyense adzifufuzire yekha, komanso malire a njirayo.

M'mawa wa tsiku loyamba anatifotokozera gwero la vutoli. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo amati mayi wasiya akatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Mahomoni a estrogen, omwe ndi timadzi ta m'thupi tothandiza kuyendetsa msambo, akayamba kutsika, kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, kamene kamayang'anira kafundidwe ka thupi, kamayamba kudzidzimuka ndi kusintha kochepa kumene kale sikankakusamala n'komwe. Thupi likangofunda pang'ono, kachigawoka kamatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu ndi kutulutsa thukuta, ndipo nkhope, khosi ndi chifuwa zimakhala ngati zayaka moto kwa mphindi imodzi mpaka zisanu, kenako munthu amayamba kuzizidwa zovala zili zonyowa. Kafukufuku wa ku America wotchedwa SWAN anaonetsa mu 2015 kuti mwa amayi amene vutoli linkawabwerera pafupipafupi, theka linakhala nalo kupitirira zaka 7.4, ndipo kwa amayi akuda a m'dzikolo zakazo zinafika 10.1. Nditamva zimenezi ndinakumbukira anzathu amene akhala akuuzidwa kuti apirire pakuti ndi za miyezi yowerengeka.

Chakudya sichiyambitsa vutoli ayi, chimangokolezera pamene moto unali kale. Mu tsabola muli capsaicin, amene amanamiza minyewa yomvera kutentha kuti thupi lapsa. Mowa umafutukula mitsempha ya magazi ya pakhungu, ndipo chakumwa cha moto chimafunditsa thupi kuchokera m'kati. Pa nkhani ya caffeine wopezeka mu khofi, tiyi ndi zakumwa zina zoziziritsa kukhosi, anatchula kafukufuku wa chipatala cha Mayo Clinic wokhudza amayi 1,806, amene anapeza kuti omwa caffeine ankadandaula kwambiri ndi kutenthaku. Komabe anatichenjeza kuti kafukufukuyo anangoonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, osati kuti china chimabala chinzake.

Gawo limene ndinalitsatira mosamala kwambiri ndi la kachitidwe ka kusalako, popeza ndi pamene ambiri timalakwitsa. Chiyambi chake si kusiya chakudya, koma kope ndi cholembera. Kwa milungu iwiri mayi amadya monga mwa masiku onse, n'kumalemba nthawi imene kutentha kwabwera, kukula kwake, zimene anadya kapena kumwa maola angapo m'mbuyomo, mmene anagonera, ndiponso ngati anali ndi nkhawa. Popanda milungu iwiri imeneyi palibe choyerekezera, chifukwa mtima umakumbukira usiku woipa n'kuiwala masiku abwino. Kenako amasiya zinthu zimene akuzikayikira kwa milungu iwiri mpaka inayi akupitirizabe kulemba. Pomaliza amabwezera chinthu chimodzi chokha, n'kudikira masiku atatu asanabwezere china. Ngati kutentha kwachuluka pobwezera, n'kuchepanso posiya kachiwiri, ndiye kuti chokolezera chake wachipeza. Ngati palibe kusintha, chakudyacho abwerere nacho pa mbale yake, pakuti palibe chifukwa chodzimana chinthu chosalakwa.

Anatiuzanso kuti wozolowera khofi kapena tiyi asasiye tsiku limodzi, koma azichepetsa pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa mutu ndi kufooka zimene zimayamba pakatha maola 12 mpaka 24 ndipo zimatha kukhala kupitirira mlungu. Mayi wosadziwa zimenezi angaganize kuti kusalako kwamudwalitsa.

Pa zokambirana za m'magulu, mayi wina anatulutsa kope lake m'chikwama n'kutionetsa. Masamba ake anali ogawidwa ndi mizere ya pensulo, ndipo kutentha kwakukulu ankakulemba ndi kamtanda, kwakung'ono ndi kadontho. Kwa chaka chathunthu ankaimba mlandu khofi. Atabwezera khofi woti wazizira, timitanda sitinabwere, koma atamwa madzi a moto opanda kanthu tinabwera titatu madzulo amodzi. Chimene chinkamuvuta sichinali khofi, chinali kutentha kwa kapuyo. Inenso ndinaphunzirapo kanthu madzulo a tsiku lomwelo. Nditangomwa tiyi wa pa nthawi yopuma, anandiitana kuti ndipereke maganizo a gulu lathu pamaso pa anthu onse, ndipo ndisanafike kutsogolo ndinamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa mpaka thukuta linayenderera kuseri kwa makutu. Ndikanakhala ndekha ndikanati ndi tiyi basi, koma panalinso mantha olankhula pagulu ndi chipinda chodzaza anthu. Mpaka lero sindinganene chimene chinayambitsa, ndipo n'chifukwa chake kope limafuna masiku ambiri, osati chochitika chimodzi.

Tsiku lachiwiri linali la umboni, ndipo ndikupempha kuti gawoli mulimvetsere ngakhale silokoma kumva. Bungwe la akatswiri lotchedwa The Menopause Society, m'malangizo ake a 2023 onena za chithandizo chosagwiritsa ntchito mahomoni, silinaike kupewa zokolezera, kusintha kadyedwe kapena kudya soya pa njira zimene limalimbikitsa, chifukwa linaona kuti umboni wake sunakwane. Izi sizikutanthauza kuti mayi amene wapeza mpumulo akunama. Vuto lake n'lakuti kutenthaku kumakwera ndi kutsika pakokha, ndipo chiyembekezo cha munthu chimakhudza mmene akumvera. Bungwe la Cochrane litasonkhanitsa mayeso ambiri mu 2004, linapeza kuti ngakhale amayi amene ankapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala alionse, kutentha kwawo kunachepa ndi 57.7 peresenti. Choncho mnzathu akatiuza kuti anasiya chakudya chakuti n'kupeza bwino, timukhulupirire kuti wapezadi bwino, koma tisathamangire kuuza aliyense kuti asiye chomwecho.

Panali mtsutso wamphamvu pa kafukufuku wotchedwa WAVS, wotsogoleredwa ndi Dr. Neal Barnard wa ku Washington. Amayi 84 anagawidwa pawiri, ndipo gulu lina linasiya zakudya zonse zochokera ku nyama, linachepetsa mafuta, n'kumadya magalamu 86 a soya wophika tsiku lililonse kwa milungu 12. Kutentha kwapakati ndi kwakukulu kunachepa ndi 88 peresenti m'gululi, pamene m'gulu losasintha kadyedwe kunachepa ndi 34 peresenti. Ziwerengerozi zinasangalatsa ambiri m'chipindamo, koma ena anafunsa mafunso amene ndinawaona kuti ndi oyenera. Amayiwo anali ochepa, aliyense ankadziwa gulu limene alimo, ndipo zinthu zitatu zinasinthidwa nthawi imodzi, amayiwo n'kuchepanso thupi, moti n'kovuta kuloza chimene chinathandiza. Pa kuchepa thupi pokha umboni ndi wolimbirako. Mu 2012, ofufuza a kafukufuku wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative ataunika amayi 17,473 anapeza kuti amene anataya makilogalamu 4.5 kapena kuposa pa chaka anali ndi mwayi wokulirapo woti kutenthaku kuwathere. Kusuta fodya nako kumakulitsa vutoli, ndipo pamenepa panalibe wotsutsa.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuopsa kwa kusala mopyola muyeso. Katswiri wa zakudya anafotokoza kuti amayi ena akasiya tsabola osaona kusintha, amasiya mkaka, kenako mazira, kenako zonse za tirigu, mpaka mbale yawo kutsala yopanda kanthu, pamene nthawi yosiya kusamba ndiyo imene mafupa amataya mphamvu mofulumira. Malangizo a ku America amati mayi wopitirira zaka 50 amafunika mamiligalamu 1,200 a kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, patsiku, choncho wosiya mkaka ayenera kudziwa kumene kashiamuyo amupeze asanasiye. Kusala mowa, tsabola kapena khofi sikulanda thupi chilichonse, koma kusala gulu lathunthu la zakudya kumafuna uphungu wa achipatala. Odwala shuga, omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndi amene anavutikapo ndi matenda a kadyedwe asayambe okha. Amayi anzanga, ndikudziwa kuti ena pakati pathu anasiya kale zakudya zambiri chifukwa cha zimene anawerenga pa intaneti, ndipo ndikuwapempha ndi ulemu wonse kuti aonenso bwino zimenezi.

Dokotala wina anakumbutsanso kuti si thukuta lililonse la usiku limene limachokera ku kusiya kusamba. Likabwera limodzi ndi chifuwa chosatha, kuonda kosadziwika chifukwa kapena kutentha thupi kwenikweni, kungakhale chifuwa chachikulu, ndipo likabwera ndi kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera manja, chithokomiro chiyenera kupimidwa. Mayi amene waonanso magazi atasiya kale kusamba apite kuchipatala msanga, asadikire zotsatira za kope. Kwa amene kutenthaku kukuwalepheretsa kugona ndi kugwira ntchito, chithandizo chilipo. Mankhwala a mahomoni amachepetsa kutenthaku ndi pafupifupi 75 peresenti, ngakhale si aliyense woyenera kumwa, ndipo palinso ena opanda mahomoni, monga gabapentin, komanso fezolinetant, yemwe anavomerezedwa ku America mu 2023.

Potengera zonsezi, ndikubweretsa pempho langa pamaso pa komiti. Ndikupempha kuti gulu lathu lisafalitse mndandanda wa zakudya zoletsedwa m'dzina lake, koma amene akufuna ayambe kulemba kope la milungu iwiri asanasiye chilichonse, ndipo poyamba tiyese zinayi zokha, zomwe ndi mowa, tsabola, caffeine ndi zakumwa za moto. Ndikupemphanso kuti tiitane namwino kapena katswiri wa zakudya adzaone makope athu pakatha milungu isanu ndi umodzi, makamaka a amene akuganiza zosiya mkaka. Ndajambula chitsanzo cha tsamba la kope motengera la mayi uja amene anationetsa kope lake ku msonkhano, ndipo ndalipereka kwa alembi kuti aligawe kwa aliyense amene adzalembetse dzina pa msonkhano wathu ukubwerawu.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu