Mwini katundu akubwereka zake zomwe

Akonzi,

Ndiloleni ndipume moto pa nkhani ya golide wa ufumu wa Asante ku Ghana. Mu 2024 nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku London, British Museum ndi Victoria and Albert Museum, zinatumiza ku Kumasi, likulu la ufumuwo, zinthu 32 zagolide ndi siliva, ndipo zambiri mwa izo asilikali a Britain anachita kulanda pa nkhondo monga ya 1874, pamene anafunkha nyumba ya mfumu n'kuigwetsa. Anthu anaomba m'manja. Koma werengani bwinobwino: sanabweze ayi, abwereketsa. Kwa zaka zitatu, mwina n'kuwonjezerapo zina zitatu.

Kubwereketsa! Munthu akuthyolereni nyumba, adutse zaka 150, kenako abwere atavala suti kudzakuuzani kuti mpando wa agogo anu mukhoza kukhalapo pang'ono bola muubweze tsiku likakwana. Ndiye inu muthokoze? Mawu amenewa ndi amene akundisowetsa tulo, chifukwa wobwereka amakhala ngati wavomereza kuti mwini wake ndi winayo.

Akuti lamulo la British Museum Act la 1963 silikulola British Museum kupereka zinthuzo. Lamulolo analemba ndani? Si aphungu awo omwe? France inasintha lamulo ndipo mu 2021 inabweza zinthu 26 ku dziko la Benin. Germany inapereka umwini wa Benin Bronzes, zosemasema za ufumu wakale wa Benin umene uli m'dziko la Nigeria, zoposa 1,000 ku Nigeria mu 2022. Palibe amene anafa nazo.

Ndipo asatiuzenso zoti ku London n'kumene zimasungika bwino. Mu 2023 zinaululika kuti zinthu pafupifupi 2,000 zinasowa kapena kuwonongeka mu British Museum momwemo, zina zinkagulitsidwa pa msika wa pa intaneti wa eBay, mpaka mkulu wake Hartwig Fischer anatula pansi udindo. Amati chumachi ndi cha anthu onse padziko. Anthu onse ake ati, pamene mwana wa ku Kumasi ayenera kupempha viza kuti akaone ntchito ya manja a makolo ake? Zambia nayo yakhala ikupempha chigaza cha munthu wakalekale chopezeka ku Kabwe mu 1921, mpaka lero chili ku London.

A UNESCO ndi African Union, tulo tatha. Pangano la UNESCO la 1970 loletsa kuzembetsa chuma cha chikhalidwe silikhudza zolandidwa kale, ndiye kankhirani lina. Umwini ubwerere kaye kwa eni ake polemba, ndipo ngati London ikufunabe kuzionetsa, ibwereke ndi iyoyo.

Wowerenga wanu wokhumudwa