Nthambi yodulidwa siuma tsiku lomwelo

A Mkonzi,

Pa 27 Epulo dziko lino la South Africa limakumbukira chisankho cha 1994, monga kwathu ku Malawi timakumbukira riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ufulu umenewo anthu anauvutikira ndipo timaulemekeza. Koma mutilole tiyankhule ndi abale athu a kuno ku Joni za ufulu wina umene ambiri amati aupeza akangotsika basi pa Park Station: kuno kulibe malume, kulibe ankhoswe, kulibe mkulu wa mpingo wofunsa kumene wagona.

Anyamata ogwira ntchito m'magadeni a ku Randburg ndi Sandton atimvetsa msanga. Ukadulira mtengo wa mandimu, nthambi yogwa pansi imakhalabe yobiriwira, masamba ali pheti, fungo lili lomwe lija. Tsiku lachiwiri masamba ayamba kupindika. Sabata isanathe yalowa m'thumba la zinyalala. Inafa pamene inadulidwa paja, kungoti maso anachedwa kuona. Ndi zimene Yesu akunena pa Yohane 15:5-6: Iye ndiye mpesa, ife nthambi, ndipo popanda Iye sitingathe kuchita kanthu. Pa Yohane 8:31-32 akuyamba ndi kukhala m'mawu ake, kenako kudziwa choonadi, kumasulidwa n'kubwera pambuyo. Ambiri timafuna chomalizacho tikudumpha ziwiri zoyambazo.

Kuuma kwake kuli ndi njira imodzimodzi. Bwana apempha kuti ubwere Lamulungu, iwe nkuti mwezi uno wokha. Pemphero la m'mawa litha chifukwa takisi ya ku Diepsloot imafuna kulawirira. Kenako nambala ya foni isintha, mkazi wa ku Mzimba kapena ku Mangochi osauzidwa. Madzulo opanda chochita adzazidwa ndi kubetcha mpira pa foni, ndipo malipiro akatha pa 10, upita kwa mashonisa, katapila wa kuno, amene asunga khadi lako la ku banki kapena pasipoti. Miyambo 22:7 imati wokongola ndi kapolo wa womukongoza. Munthu anathawa maso a malume, lero sangatuluke pageti osayang'ana uku ndi uku. Matchona ambiri anayamba chonchi, sanachite kukonza.

Chochita chilipo. Musanakwere basi tengani kalata yosamukira ku mpingo wanu, mukaipereke Lamulungu loyamba, osadikira kuti muyambe mwakhazikika. Tsitsani Baibulo la Chichewa mu foni pamalo pamene pali Wi-Fi kuti lizitseguka ngakhale data itatha. Yohane ali ndi machaputala 21. Chimodzi patsiku m'takisi, masabata atatu mwamaliza. Miyambo ili ndi 31, chaputala cha deti la tsikulo. Mphindi 10 zikwana, bola pakhale vesi limodzi loti mulichite dzuwa lisanalowe, pakuti kuwerenga kosachita ndi kuthirira nthambi ili pansi.

Amene ntchito imawagwira Lamulungu, makamaka amayi ogona kuntchito ndi alonda, asadzione ngati otayika. Mateyu 18:20 imanena za awiri kapena atatu. Sankhani tsiku limodzi lokhazikika, malo amodzi, ola limodzi, ngati mlaga kapena mphakati wa kwathu. Pagulupo pakhale munthu mmodzi amene mwamupatsa chilolezo chokufunsani za ndalama ndi za banja, ndipo muzimuyankha zoona, monga Yakobo 5:16 ikunenera. Gulu la pa WhatsApp limathandiza kukumbutsana, koma silingaone kuti maso anu afiira.

Chotiwawa kwambiri ndi ichi: ena polakalaka kulumikizana ndi Mulungu amalumikizidwa kwa munthu. Agula mafuta ndi madzi odzozedwa ndi ndalama ya lendi, nauzidwa kuti akachoka pamenepo tsoka liwagwera. Kumene akukugwirani ndi mantha, nthambi yamezetsedwa pa mtengo wina. Agalatiya 5:1 ikutiletsa kubwerera m'goli.

Ndipo ntchito ikatha kapena mapepala akavuta, musafulumire kunena kuti Mulungu wakudulani. Vesi 2 ya Yohane 15 ikuti nthambi yobala ndi imene amaisadza kuti ibale zambiri.

Kwa anzathu oyang'anira mipingo: munthu akasowa Masabata atatu otsatizana, musangotumiza uthenga. Awiri akwere takisi, akagogode pachitseko cha chipinda chake, atanyamula ndiwo.

Akulu a mpingo awiri,
Rosettenville, Johannesburg