Ophunzira uinjiniya azigwira zipangizo kuyambira chaka choyamba

A Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi mchitidwe wa mayunivesite ena wochedwa kulowetsa mu labu ophunzira uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta.

Ndimagwira ntchito ndi achinyamata ongomaliza maphunzirowa. Lamulo la Ohm, lofotokoza kayendedwe ka magetsi, amalidziwa pamtima, koma mukawapatsa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, kuti apeze pomwe magetsi adukira pa bolodi lolumikizirapo tizipangizo tamagetsi, ambiri amasowa poyambira. Si ulesi ayi, sanapatsidwe mpata. Chonsecho ngakhale kabolodi ka Arduino, kakompyuta kakang'ono koyendetsera zipangizo, kamafuna munthu wotha kulemba pulogalamu komanso kulumikiza mawaya molondola.

Ndikupempha kuti m'chaka choyamba wophunzira aliyense azipanga kachipangizo kogwira ntchito, monga koyatsa nyale kukada, ndipo aphunzitsi azikapatsa malikisi ngati mayeso. Makampani nawonso azilandira ophunzirawa patchuthi kuti azolowere ntchito.

Injiniya wa zamagetsi